Joshua Johnson, mwana amene bambo ake anachita kumugula

Mukafunsa za akatswiri akale ojambula nkhope za anthu ku America, ambiri athamangira kutchula Gilbert Stuart. Ndi uja anajambula George Washington mu 1796, nkhope yomwe ili pa ndalama ya dola imodzi mpaka lero. Luso anali nalo, sindikana. Koma ine mtima wanga uli pa munthu wina wa nthawi yomweyo, Joshua Johnson wa ku Baltimore, ndipo zimandiwawa ndikamva ena akuti zojambula zake ndi zachibwana.

Johnson anabadwa cha m'ma 1763. Mayi ake anali kapolo, bambo ake mzungu, George Johnson. Lamulo la ku Maryland, chigawo chimene kuli Baltimore, linkati mwana wa kapolo wamkazi ndi kapolo, choncho khandalo linali katundu wa mwini wa mayi ake. Mu 1764 bamboyo anamugula ndi mapaundi 25. Taganizani, munthu kuwerenga ndalama kuti atenge mwana wobereka yekha! Mu 1782 anasaina chikalata chomumasula, koma ufuluwo unayenera kudikira kuti mnyamatayo amalize kuphunzira ntchito yosula zitsulo kapena akwanitse zaka 21. Mayi ake sanawalembe n'komwe dzina.

Manja ozolowera nyundo ndi moto ndi amene anadzagwira burashi. Kuyambira 1796 mpaka 1824 dzina lake limapezeka m'mabuku a anthu okhala mumzinda wa Baltimore, ndipo ntchito yake inkalembedwa kuti wojambula. Mu 1798 anadzitsatsa m'nyuzipepala ya Baltimore Intelligencer, kunena kuti lusoli anadziphunzitsa yekha ndipo anakumana ndi zopinga zambiri zosatheka kudumpha. Zopingazo sanazitchule, koma wowerenga aliyense mumzinda umene akapolo ankagulitsidwa ankadziwa chimene akunena.

Odandaula amati anthu ake amaima chilili ngati mitengo, maso ali tong'o, manja ouma. Zoona, sanafewe ngati a Stuart. Koma Stuart anakwera sitima mu 1775 kupita ku London, nakaphunzira kwa katswiri wojambula Benjamin West zaka zingapo. Johnson akanapita kuti? Munthu wakuda, ngakhale mfulu, akatalikira kwawo ankatha kugwidwa n'kugulitsidwanso, ndipo kuyambira 1805 mfulu zakuda ku Maryland zinkadalira pepala la ku khoti lotsimikizira ufulu wawo. Sukulu yake inali maso ake ndi zithunzi za ena zimene ankaziona m'nyumba za anthu.

Ndiye kayang'aneni chithunzi chake cha ana a Westwood cha m'ma 1807, chomwe chili ku National Gallery of Art ku Washington. Anyamata atatu avala zobiriwira zofanana, agwira maluwa, ndipo pambali pali kagalu kakuda kataluma mbalame. Ine kagalu kameneka kamandigwira mtima. Munthu wongofuna malipiro sakanavutika nako. Anaona kuti ana awa ali ndi galu wawo, ali ndi masewera awo, ndipo anafuna kuti makolo akamayang'ana pakhoma aziwaona mmene analili. Kumbukirani kuti kamera kunalibe, komanso ana ankafa kwambiri. Kwa mabanja ena, chithunzi chotere ndicho chokha chinkatsala. Eni masitolo, oyendetsa sitima zapamadzi ndi amisiri a ku Baltimore ankapereka ana awo kwa munthu wakuda uyu kuti awajambule, banja lina n'kuuza linzake, kwa zaka pafupifupi 30. Wojambula zachibwana sakhalitsa choncho pamsika.

Chondipweteka china n'chakuti atamwalira anaiwalika. Zithunzi zinakhala m'makoma popanda wodziwa mwini luso, mpaka wofufuza mbiri J. Hall Pleasants atayamba kulemba za iye mu 1939. Ngakhale pamenepo kunali nthano zokhazokha, ena ati anachokera ku West Indies, ena ati anali wantchito wa banja la akatswiri ojambula la Peale. Zikalata za kugulidwa ndi kumasulidwa kwake zinadzatulukira m'ma 1990.

Lero akatswiri amati zithunzi pafupifupi 80 ndi zake, koma anasaina chimodzi chokha, cha mayi Sarah Ogden Gustin ndi mwana wawo. Nacho chili ku Washington komweko. Tsiku limene ndidzaponde mumzinda umenewo, ndidzayamba kukaima patsogolo pa chithunzi chimenecho kuti ndione ndi maso anga dzina limene analemba ndi dzanja lake.