Dzina la wogula si umboni woti khadi ndi lenileni

Anzanga, nkhani ya makhadi a Pokémon (tizilombo ta m'makatuni a ku Japan) ndi a masewera amene akugulidwa mamiliyoni a madola ku America ikundisowetsa mtendere. Maganizo anga ndi akuti munthu wotchuka akagula khadi, mtengo umakwera chifukwa cha dzina lake, koma chinyengo chimakhalabe pomwepo. Ndipo zinthu zikavuta, wolira si iyeyo.

Mu Disembala 2021, Logan Paul, mnyamata wa pa YouTube uja, analengeza kuti wagula katoni yosatsegula ya makhadi oyambirira a Pokémon pa madola 3.5 miliyoni. Katoniyo inali itatsimikizidwa ndi kampani ya Baseball Card Exchange, yomwe anthu ankaikhulupirira kwambiri. Amene anayamba kukayikira anali anthu wamba okonda makhadiwa, omwe anayang'anitsitsa zithunzi pa intaneti n'kuona kuti tepi ndi zolembedwa pa katoniyo sizikugwirizana ndi zenizeni. Mu Januwale 2022 anaitsegula ku Chicago kamera ikujambula, ndipo m'kati anapezamo makhadi otchipa a zidole za asilikali za G.I. Joe. Ndalama zake anamubwezera, ndipo vidiyo ya manyaziwo inaoneredwa ndi anthu mamiliyoni. Kodi mnyamata wamba amene wagulitsidwa feki pa madola 500 amabwezeredwa ndi ndani?

Musaganize kuti matendawa abwera ndi YouTube. Khadi lotchuka kwambiri la baseball ndi la Honus Wagner, limene linkaikidwa m'mapaketi a ndudu pakati pa 1909 ndi 1911. Mu 1991, Wayne Gretzky, katswiri wa hockey, pamodzi ndi Bruce McNall, mwini wa timu ya Los Angeles Kings panthawiyo, anagula limodzi mwa makhadiwa pa okushoni ya Sotheby's pa madola 451,000. Linali khadi loyamba kupimidwa ndi kampani ya PSA, ndipo analipatsa giredi 8. Chiyambire pamenepo anthu akhala akulitchula dzina la Gretzky, ndipo pofika 2007 linagulidwa madola 2.8 miliyoni ndi Ken Kendrick wa timu ya Arizona Diamondbacks. Mu 2013, Bill Mastro, yemwe anali ndi kampani ya okushoni ndipo kale anali nalo khadili, anavomera kukhothi kuti analidula m'mphepete kuti lioneke losalala. Zaka zoposa makumi awiri anthu ankanong'onezana za nkhaniyi, koma dzina la Gretzky ndi kapulasitiki ka PSA zinkatseka pakamwa aliyense.

Mvetsani mmene kupima kumayendera, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Wopima amayang'ana makona anayi, m'mphepete, pamwamba pa khadi, komanso ngati chithunzi chili pakati penipeni. Akatero amapereka giredi kuyambira 1 mpaka 10, n'kulitsekera khadilo m'kapulasitiki kolimba. Kona imodzi ikangoyera pang'ono, mwina pofunika galasi kuti uone, khadi latsika. Ndiye taonani mtengo wa kusiyana kumeneku. Mu 2021 Logan Paul yemweyo anafuna khadi la Pokémon losowa kwambiri lotchedwa Pikachu Illustrator la giredi 10. Anapereka lake la giredi 9, lomwe analiwerengera madola 1.275 miliyoni, n'kuwonjezerapo madola 4 miliyoni. Chithunzi chomwecho, pepala lomwelo, chaka chomwecho, koma sitepe imodzi ya giredi yadya mamiliyoni anayi. Pamene pali ndalama zotere, wina atenga lezala basi. Komanso makampani opimawa amalipiritsa ndalama zambiri khadi likakhala la mtengo wapamwamba, ndiye mitengo ikamakwera iwonso zimawayendera. Sindikunena kuti amanama dala, koma si anthu oima pambali monga timawaganizira.

Palinso kukweza mtengo mwachinyengo pa okushoni, pamene anthu ogwirizana ndi wogulitsa amanamizira kupikisana ndi ogula enieni. Zili ngati anyamata aja amakhala mu minibasi pa depoti kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, iwe ukangokwera iwo n'kumatsika mmodzimmodzi. Mastro anavomeranso mlandu umenewu, ndipo mu 2015 anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 20. Mu Ogasiti 2021, msika wa pa intaneti wa eBay unaletsa kampani ya PWCC, yomwe inkagulitsa makhadi ochuluka zedi kumeneko, ponena kuti anthu ogwirizana nayo ankachita zomwezi, ngakhale kampaniyo inakana. Choncho ukamva kuti khadi lakutilakuti lagulidwa ndalama zakuti, dziwa kuti nambalayo imakhalanso chida chotsatsira malonda kwa aliyense amene ali ndi khadi lofanana nalo.

Si onse otchuka amene ndikuwadzudzula. Woimba wa ku America Post Malone amasewera masewera a makhadi a Magic: The Gathering kuchokera pansi pa mtima, ndipo pamene anagula khadi la The One Ring mu 2023, limene linasindikizidwa limodzi lokha, ndinaona munthu wokonda masewera ake. Ndalama ndi zake, agule. Chimene chimandipweteka ndi munthu amene wasunga makhadi, n'kumawatamanda pamaso pa achinyamata mamiliyoni osanena kuti mtengo ukakwera wopindula ndi iyeyo. Pikachu uja Logan Paul anamuvala pakhosi pa WrestleMania, chionetsero chachikulu cha masewera ogwetsana, mu Epulo 2022. Kumeneko kunali kutsatsa katundu wake pamaso pa dziko lonse, ndipo tiyenera kukutchula choncho.

Amene anatsatira m'mbuyo ndiwo anapsa. Khadi la Michael Jordan, katswiri wa basketball, losindikizidwa ndi kampani ya Fleer mu 1986, la giredi 10, linafika madola 738,000 kumayambiriro kwa 2021, koma pasanathe zaka ziwiri linali litatsika kufika pansi pa theka la mtengowo. Ogula panthawi ya chipwirikiti, ena mwa iwo ndi ndalama zosungira mawa, anatsala atagwira pepala.

Ana nawonso analandidwa chinthu chawo. Mu Febuluwale 2021, akuluakulu ankagula chakudya cha ana ku McDonald's mulu wonse kuti atengemo makhadi a Pokémon akagulitse. Mu Meyi chaka chomwecho, masitolo a Target anasiya kaye kugulitsa makhadi m'mashelefu mwawo, amuna atamenyana pamalo oimika magalimoto ku Wisconsin mpaka wina kutulutsa mfuti. Pikachu Illustrator yemweyo poyamba inali mphoto ya opambana mpikisano wojambula zithunzi wa magazini ya ana ya CoroCoro ku Japan, cha m'ma 1998.

Ine ndikufuna kuti wotchuka aliyense amene akuonetsa khadi pa kamera anene poyera kuti ali nawo angati, anagula kwa ndani, ndiponso ngati ali ndi gawo mu kampani yogulitsayo. Kampani yopima nayo ikapezeka kuti inatsimikiza chinthu chodulidwa kapena chabodza, ibweze ndalama kwa wogula wamng'ono mwachangu mofanana ndi mmene wa mamiliyoni amathandizidwira.