Musanasaine kontirakiti, wosaona ayambe wayesa

Mchemwali wanga wamng'ono saona. Maso anasiya ali sitandade 4, koma sukulu sanaisiye, ndipo pano akulemba kafukufuku wa digiri yake yachiwiri. Loweruka lapitali anandiimbira foni usiku, mawu ali ofooka: "Achimwene, mungandiwerengereko kuyambira tsamba 14 mpaka 20?" Nkhani imene ankafunayo inalipo. Laibulale ya pasukulu pawo inalipira kale kuti ophunzira aziipeza pa intaneti, ndipo iye anaitsitsa bwinobwino. Koma ataitsegula, pulogalamu imene imamuwerengera mawu inangoti zii. PDF yonse inali zithunzi za masamba, zojambula pa sikana, mopanda chilembo n'chimodzi chomwe choti kompyuta ichizindikire. Ndinamuwerengera mpaka 11 koloko, matebulo ndi manambala omwe.

Kuwerengako sindikudandaula nako, ndidzawerenganso mawa akandifuna. Chikundiwawa n'chakuti fizi amalipira yofanana ndi anzake, koma anzakewo amawerenga nthawi imene afuna, iye amadikira kuti mchimwene wake aweruke kuntchito.

Ambiri amaganiza kuti buku likangokhala pa kompyuta ndiye kuti wosaona wapulumuka. Ayi ndithu. Wosaona amagwiritsa ntchito pulogalamu monga JAWS, imene ndi yodula, kapena NVDA, yaulere, imene anayamba kuipanga mu 2006 ndipo amene anaipanga ndi anthu awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Mapulogalamuwa amadalira zilembo, chithunzi chimawavuta. Buku likakhala lopanda mitu yoikidwa moyenera, munthu sangadumphire pa chaputala 7, ayenera kumvetsera kuchokera pachiyambi. Chojambula chikakhala chopanda mawu ochifotokoza, amangomva kuti pali chithunzi, basi. Batani lotsitsira likamafuna mausi pokha, iye amene amayenda ndi kiyibodi salifika. Ndipo makampani ena amakhoma mabuku awo poopa akuba, loko yomweyo n'kutsekeranso kunja pulogalamu yowerengayo. Si osaona okha amene amavutika: amene amaona pang'ono amafuna kukulitsa zilembo, amene manja awo sagwira bwino amadalira kiyibodi, osamva amafuna mawu olembedwa pansi pa vidiyo.

Maganizo anga ndi awa. Vutoli lizithetsedwa pa tebulo logulira, ndalama zisanatuluke. Laibulale ndi kasitomala. Amene wagwira chikwama ali ndi mawu, koma mawuwo amamveka asanasaine. Akasaina, chotsala n'kupempha, ndipo wophunzira amadikira masabata pamene mayeso sadikira.

Anzathu ena anayamba kale kuchita zimenezi. Ku America, malaibulale a mayunivesite a gulu la Big Ten amalemba ntchito akatswiri oima paokha kuti ayese mawebusaiti a makampani ogulitsa mabuku ndi majonolo, ndipo zotsatira amaziika poyera kuti aliyense aone. Analembanso ndime yoti izilowa mu kontirakiti, yonena kuti katunduyo akwaniritse muyezo wa WCAG, umene ndi malamulo a momwe tsamba la pa intaneti liyenera kupangidwira kuti aulumali athe kuligwiritsa ntchito. Kumeneko wogula amafunsanso chikalata chotchedwa VPAT, momwe kampani imafotokoza zimene katundu wake amatha ndi zimene amalephera. Chikalatacho n'chothandiza, komabe amachilemba ndi wogulitsa yemweyo, ndipo palibe wogulitsa nsomba amene amati zanga zawola. N'chifukwa chake kuyesa n'kofunika.

Kuno kwathu tili ndi poyambira. Kuyambira 2003 malaibulale athu ali ndi bungwe la MALICO, limene amasonkherana ndalama n'kugulira limodzi zowerenga za pa intaneti. Laibulale imodzi ya koleji yaing'ono ikalemba kalata yodandaula, mwina siyankhidwa n'komwe. Koma onse akalankhula pamodzi, kalatayo imalemera.

Ndikudziwa chimene ena anene, chifukwa ndinachimvapo kwa mnzanga wina wogwira ntchito mu laibulale. Akuti ife zambiri timapatsidwa mwaulere kapena pamtengo wotsika, kudzera ku Research4Life ndi EIFL, mabungwe othandiza malaibulale a maiko osauka kupeza zowerenga, ndiye tingalamule bwanji mwini wake? Akutinso ndalama zakunja zikusowa, kungokwanitsa kulipira chaka chino n'chisomo kale. Ndikumumvetsa, ndipo sindikunyoza ntchito imene anthuwa amagwira ndi ndalama zochepa. Koma taonani. Kuyambira pa 28 Juni 2025, lamulo la European Accessibility Act likukakamiza ogulitsa mabuku a pa kompyuta m'maiko a European Union kuti mabukuwo akhale oti aulumali athe kuwerenga. Makampani aakulu amene amagulitsa ku Ulaya ndi omwewonso amatigulitsa ife. Sitikuwapempha kuti atipangire chachilendo. Tikungoti chimene mwakonzera a ku Paris ndi Berlin, mutipatse ifenso chomwecho, ndipo mulembe pa pepala.

Palinso pangano la Marrakesh, limene linavomerezedwa ku Morocco mu 2013, ndipo Malawi analowamo mu 2017. Panganoli limapereka mpata woti mabungwe ovomerezeka, kuphatikizapo malaibulale, asandutse buku kukhala la Braille, la mawu omvera kapena la zilembo zikuluzikulu popanda kuyamba apempha chilolezo kwa mwini buku, ndiponso kuti azitumizirana mabuku otere kudutsa malire a maiko. Linabwera chifukwa cha njala ya mabuku: bungwe la World Blind Union lakhala likunena kuti pa mabuku 10 alionse osindikizidwa, amene wosaona angawerenge safika n'limodzi lomwe. Ufulu umenewu tinaulandira, koma kontirakiti yolembedwa mochenjera itha kuuphimba, ikangonena kuti fayilo isasinthidwe mwanjira iliyonse. Woyang'anira laibulale awerenge ndime imeneyo ndi maso awiri, ndipo akaipeza aikane.

Chimene ndikuchifuna kwambiri n'chosadula n'komwe. Makampaniwa nthawi zambiri amapereka masabata angapo oyesera munthu asanagule. M'masabata amenewo, itanani ophunzira osaona awiri kapena atatu, abwere ndi malaputopu awo ndi NVDA yawo. Apatseni ntchito yeniyeni: afufuze nkhani, aitsegule, apeze tsamba limene akufuna, aitsitse. Inu mungokhala pambali n'kumalemba pamene akakamira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iwowa ndi amene amadziwa pamene pakupweteka. A Malawi Union of the Blind alipo, aphunzitsi a ku koleji ya maphunziro a aulumali ya Montfort ku Nguludi alipo, anthu oti afunsidwe sakusowa. Ndipo ophunzirawo muwapatse kangachepe, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya ukatswiri, osati chifundo chimene mukuwachitira.

Zimene zapezekazo zitumizidwe ku kampani, ndipo kontirakiti inene momveka kuti wophunzira akapeza fayilo yosawerengeka, kampani itumiza ina yabwino pasanathe masiku akutiakuti, ndi dzina la ofesi yoilembera. Ikakana zonsezi, laibulale ikhale ndi ufulu wochoka osataya ndalama.

Inu amene mumagwira ntchito m'malaibulale, ndiuzeni ngati mu kontirakiti yanu muli ndime yotere, ndikufunadi kudziwa. Mchemwali wanga watsala ndi machaputala awiri, ndipo dzulo wanditumizira mafayilo ena anayi amene pulogalamu yake yakana kuwerenga. Tagwirizana kuti tiyamba Lachisanu ndikaweruka.