Alfa Romeo ya 1969: ku Joni ndi chuma, kwathu ikadasanduka mbaula

Mu galaja yomwe ndimagwirako ntchito kuno ku Johannesburg mwakhala galimoto imodzi kwa miyezi 14. Ndi Alfa Romeo Spider 1750 Veloce ya 1969, yofiira, ya mipando iwiri yokha, denga lake ndi lansalu lopindira kumbuyo. Sabata yatha mwini wake waiika pamsika, ndipo mtengo womwe watchula ukhoza kumangitsa nyumba ya malata kwathu ku Chiradzulu, ndalama ina n'kutsalako. Anthu akuimbabe foni.

Tsiku lomwe inabwera inali pangolo, matayala ataphwa. Nditachotsa kapeti pansi pa mpando wa dalaivala ndinaona simenti ya galaja kudzera pabowo lokwana dzanja langa lonse. Dzimbiri ndiye matenda a galimoto za ku Italy za nthawi imeneyo, limayambira m'munsi mwa zitseko n'kumadya mwakachetechete. Tinadula zonse zowola, tinawotcherera zitsulo zatsopano, kupala, kupaka penti, kupalanso. Koma chomwe chinandigwira mtima ndi injini. Ndi ya 1779 cc, ya aluminiyamu, ili ndi makabuleta awiri a Weber, tizida tosakaniza mpweya ndi petulo, omwe amafunika kupuma mofanana ngati mapasa. Mdala wina wa pagalaja pathu amawalinganiza ndi khutu: amatenga kapaipi, mbali ina pakamwa pa kabuleta, ina kukhutu, n'kumamvetsera mpweya ukamalowa. Nditamuona ndinakumbukira malume anga ku Ndirande, omwe ankagunditsa sikuludiraiva pa injini ya Peugeot 504, chogwirira chili pakhutu, n'kukuuza bwinobwino chomwe chikugogoda mkatimo. Luso ndi lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno lusoli limalipidwa ngati la dokotala, pomwe malume ankalandira ya sopo basi.

Galimotoyi ili ndi mbiri yake. Spider yoyamba inaonetsedwa ku Geneva mu 1966, thupi lake linajambulidwa ndi kampani ya Pininfarina ya ku Turin, ndipo mwini kampaniyo, Battista Pininfarina, anamwalira chaka chomwecho patangopita milungu yochepa. Mtunduwu unapangidwa mpaka 1993, koma osonkhanitsa galimoto zakale amalimbirana za zaka zoyambirirazo, za kumbuyo kozungulira, chifukwa kuyambira 1970 kumbuyoko anakudula kukhala kwa bwatabwata. Yathuyi ndi ya kumbuyo kozungulira, n'chifukwa chake mafoni sakutha.

Nanga n'chifukwa chiyani galimoto yotere yapulumuka kuno, pomwe kwathu zinzake za msinkhu womwewo zinatha kalekale?

South Africa ndi Alfa Romeo anadziwana kalekale. Kampaniyi inali ndi fakitale yake ku Brits, kufupi ndi Pretoria, kuyambira 1973 mpaka pomwe inachoka mu 1985, ndipo GTV6 ya injini ya malita atatu inapangidwa kuno kokha, pofuna kupikisana pa mijaho. Choncho alipo akuluakulu omwe anakulira pa injini zimenezi, alipo omwe anasunga zitsulo m'mabokosi kuseri kwa nyumba, ndipo pali magulu a eni galimotozi omwe amadziwana. Nyengo nayo imathandiza: kumtunda kuno mpweya ndi wouma, dzimbiri silithamanga ngati ku Durban kunyanja. Lamulo la dziko lino silivomereza wamba kulowetsa galimoto zogwiritsidwa kale ntchito, pofuna kuteteza mafakitale a ku Rosslyn, Durban, East London ndi Kariega. Galimoto za ku Japan zomwe zimatsikira ku Durban zimangodutsa, ulendo wa kumayiko oyandikana nawo. Komabe pa lamulo lomwelo anasiyapo khomo: galimoto ya zaka 40 kapena kupitirira ikhoza kupatsidwa chilolezo cholowera ndi ITAC, bungwe la boma loona za malonda ndi mayiko akunja. Ndiye kuti boma lenilenilo linavomereza kuti pali msinkhu womwe galimoto imasiya kukhala yakutha n'kukhala cholowa. Mukapita ku bwalo la mijaho la Zwartkops kufupi ndi Pretoria pa tsiku la chionetsero cha galimoto cha Cars in the Park, kapena ku nyumba yosungiramo galimoto zakale ku Franschhoek, mumaona zotsatira zake ndi maso.

Kwathu maganizo ndi ena. Galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zina ku Beira, ndipo msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale kapena ya injini yaikulu. Cholinga chake ndimachimvetsa ndipo ndimachivomereza, dziko lisasanduke dzala la mayiko olemera. Koma vuto lathu lenileni si lamulo ayi. Kwathu galimoto ndi khasu. Imanyamula chimanga, odwala, maliro, njerwa, mpaka tsiku lomwe yakana kudzuka. Ikatero imakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira, kenako amabwera anyamata ogula zitsulo ndi sikelo yawo. Zitseko zimakhala mbaula, masipuling'i amasulidwa nkhwangwa ndi zikwanje. Sindikunyoza, chifukwa chitsulocho chikuphikira anthu mpaka lero, ndipo munthu yemwe akusowa ya feteleza sungamuuze kuti asunge Morris Minor ya agogo ake m'nyumba. Koma mtima umandiwawa ndikaganiza za ma Peugeot 404, ma Land Rover ndi malole a Bedford omwe anayenda m'misewu yathu nthawi ya Kamuzu. Ana athu adzangomva kuti kunali zotere.

Zambia imandimvetsa chisoni mwa njira inanso, chifukwa iwo anali pa ubale waukulu ndi Italy kuposa ife. Damu la Kariba linamangidwa ndi kampani ya ku Italy yotchedwa Impresit m'zaka za m'ma 1950. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, mu 1965 ndipo njira ya kumwera itavuta, malole a Fiat ndi ena mwa omwe ankakoka mafuta ndi kopa pa msewu wa ku Dar es Salaam. M'zaka za m'ma 1970 ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza galimoto za Fiat, ndipo mabanja ambiri a ku Lusaka ndi ku Copperbelt galimoto yawo yoyamba inali imeneyo. Fakitale ija inatsekedwa, msika utatseguka galimoto za ku Japan zinasefukira, ndipo lero mukhoza kuyenda masiku ambiri mu Lusaka osakumana ndi Fiat ya ku Livingstone ngakhale imodzi.

Zimbabwe ndiye ili pakati. Kumeneko galimoto zakale zinasungika osati chifukwa cha chuma koma kusowa. Zilango za malonda zomwe mayiko ena anapereka nthawi ya Smith, kenako kuchepa kwa ndalama zakunja m'zaka za m'ma 1980, zinachititsa kuti kupeza galimoto yatsopano kukhale kodikira nthawi yaitali, ndiye aliyense ankasamala yomwe ali nayo ngati mwana. Ma Peugeot 404 anakhala matakisi ku Harare ndi ku Bulawayo zaka zambirimbiri. Mnzanga wa pagalaja, mdzukulu wa Amalawi omwe anapita kukagwira ntchito m'migodi ya kumeneko, amati kwawo chitsulo chikasowa sadikira, amakasula pa makina. Mu 2021 boma lawo linakhwimitsa malamulo olowetsa galimoto zopitirira zaka 10, koma chizolowezi chokonza m'malo motaya chinali chitazika kale mizu.

Ndikaziyika zonsezi pasikelo, sindinganene kuti njira ya ku Joni ndi yopanda banga. Galimoto zambiri zotere zili m'manja mwa anthu ochepa omwe anali ndi mwayi kuyambira nthawi ya tsankho, ndipo ife omwe timazipala ndi kuziwotcherera nthawi zambiri timangoziona zikutuluka pageti. Zina zimagulidwa n'kukwezedwa sitima kupita ku Ulaya, osabwereranso. Koma chimodzi anachigwira bwino: anazindikira kuti kukonza galimoto yakale ndi ntchito ya ulemu, yodyetsa wowotcherera, wosoka mipando, wopenta ndi wa magetsi. Amisiri oterowo ku Ndirande, ku Mchesi ndi ku Mzuzu tili nawo ambiri, ndipo amachita zodabwitsa ndi zida zochepa. Chomwe alibe ndi munthu wobwera ndi galimoto ya bambo ake n'kunena kuti, ndikonzereni bwinobwino, sindikufulumira.

Spider yeniyeniyo sindikuifunira kwathu. Ndi yotsika kwambiri, pa msewu wa fumbi nthawi ya dzinja singafike patali. Yomwe ndikuiganizira ndi 504 ya malume, yomwe ikadali pa njerwa ku Ndirande, galasi lakutsogolo lili lonse. Lachisanu ndinaimbira foni azakhali kuti anyamata a sikelo akabwera awabweze. Pa Khirisimasi ndikubwera ndi mapisitoni, ndawapeza kale kwa mdala uja wa kapaipi.