Inu a m'maboti, toyileti ya m'boti si dzala ayi

Ndakhala chete nthawi yaitali koma lero mundimva, makamaka inu anyamata oyendetsa maboti onyamula alendo ku Mangochi, Cape Maclear mpaka ku Nkhata Bay uko. Ine imvizi zamerera pa nyanja, sipanala ndinayamba kugwira ku Monkey Bay ena a inu musanabadwe, ndiye musati nkhalambayi yayamba kulongolola.

Toyileti ya m'boti si chimbudzi chokumba chakumudzi choti chilichonse chimapita. Zonse zimadutsa mu paipi ya 38mm basi, kamkono ka khanda, kenako zikagwera mu thanki n'kumadikira tsiku lopopa. Ndiye wina akuponyamo ma wipes, mapadi, thewera la mwana, nyuzipepala, ine ndinatulutsapo chitsononkho ndi manja angawa, chitsononkho m'boti eti! Alendo sindikuwada, sadziwa. Ndikuda inu amene mumawalandira ndi mano kunja osawauza, kuika kandowa kokhala ndi chivundikiro pambali pakhomo kukukanikani.

Koma chandilembetsa ndi zimene mumachita thanki ikatseka. Mnyamata wina amene ndinkagwira naye ntchito, dzina ndisunga poti pano ndi bambo wa ana, ataona kuti toyileti sikutsika anangolimbikira kupopa, kupopa, chogwirira chikulimba iye akuonjezera mphamvu, thanki ya pulasitiki yafufuma ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa koma iye osaona, kenako n'kutenga sipanala kumasula chotsekera chapamwamba nkhope ili pompo. Zimene zinamuthira sindinena, malaya tinawotcha ndipo anyamata anzake anamupatsa dzina limene linamumatirira zaka. Vuto lenileni linali kuti? Kapaipi kakang'ono kotulutsa mpweya kaja kotulukira m'mbali mwa boti, mavu anamangamo nyumba ya dothi. Basi. Ntchito ya mphindi zisanu ndi kamtengo.

Ndiye ana anga yambani kumeneko. Thanki imapuma, mpweya ukasowa potulukira zinthu sizilowa, ndipo popopa sizituluka, thanki imangofwaphira mkati nthawi zina mpaka kung'aluka. Chogwirira chikalimba siyani, sichikufuna nyonga zanu. Ngati pali pampu ya magetsi yogaya ija zimitsani ndi kuchotsa fiyuzi musanalowetse chala, tsekani valavu ya pansi yopita m'nyanja chifukwa mukazula paipi ili yotsegula ndiye nyanja yonse ibwera kudzakuonani m'kati.

Za mpweya woipa ndiye mumazitenga ngati nthabwala. Fungo la mazira owola lija ndi hydrogen sulphide, ndi wolemera kuposa mpweya wabwino moti amakhazikika pansi penipeni pamene inu mwagwada ndi tochi kukamwa, ndipo akachuluka amapha mphuno, mumangoti aa fungo latha pamene ndiye zafika poipa. Tsegulani zitseko ndi mawindo onse, wina aime pamwamba akuyang'aneni, musagwire nokha. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire tulukani msanga. Ndudu nayo ayi, mu thankimo mumakhala gasi woyaka.

China, mankhwala. Mumathira jiki, pamwamba pake asidi wa batire, ati kuti zisungunuke. Amene anakuphunzitsani zimenezo akufuna kudya nyemba za pamaliro panu, zimenezo zikasakanikirana zimatulutsa utsi wa chlorine wowotcha mapapo, komanso labala wa mu valavu amatha. Waya wa mpanda wotokosera potsekapo nayenso amangoboola paipi, mawa zikudonthera pansi pa bedi ya mlendo. Ngati zauma n'kuumbika pansi pa thanki thiranimo madzi ofunda ndi sopo pang'ono, zigone, boti liyende mafunde azitakasa okha, mupope, muthirenso, kawiri katatu zimamasuka. Paipi ikachita miyala yoyera ya mkodzo mkati iviikeni mu vinega kapena izuleni muimenyetse pa thabwa, ikakana gulani ina. Magolovesi valani, ndipo musambe ndi sopo musanapite pa nsima, ndaonapo munthu akungopukuta m'buluku n'kutema mbamu.

Tsopano chimene chimandiwawa kwambiri. Thanki ikamasuka ena mumadikira mdima n'kutsegulira zonse pa doko pompo, ati nyanja ndi yaikulu. Pamalo pomwepo m'mamawa amayi akutsuka mapoto, akutunga madzi, ana akusambira, asodzi akutsukira usipa. Mwaiwala kale kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi ndi Salima maliro ake sitinawaone? Likodzo nalo limayenda ndi mkodzo womwewo, likalowa mu nkhono za m'madzi kenako mwa mwana wanu yemwe. Popelani mu migolo yotseka bwino, mukakhuthule kumtunda mu septic tank kapena m'dzenje lakutali ndi madzi, ngati bwana wanu akukana kugula migolo muuzeni abwere adzasambe pa doko ndi ana ake.

Maboti ena ndikuwadziwa ndi mtundu wa penti womwe. Ndikadzaonanso chithaphwi chakuda chija m'mawa sindifunsa munthu, ndikupita kwa a BVC, komiti ya m'mudzi yoyang'anira za pagombe, ndi kwa amfumu tsiku lomwelo.