Khasu silinabwere ndi azungu

Dzulo pamsika, ndikusankha khasu loti nditumize kumudzi, mnyamata wogulitsa anandiuza mopanda manyazi kuti pakanapanda azungu bwenzi tikulimabe ndi zikuni, ndipo amene anali pamenepo anagwedeza mitu ngati wanena zanzeru. Mpaka pano mtima wanga sunatsike.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo uyu anapeza eni mudzi akumeta kale ndi lumo losula okha. David Livingstone atakwera mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja ali ndi ng'anjo ndi zipala m'midzi mwawo, akusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi zibangili. Iwonso sanali oyamba, pakuti ku Nkope, m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ofukula zakale anapeza umboni woti kumeneko kunkakhala anthu odziwa chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Munthu amene anaumba ng'anjo ndi dothi la pachulu, nasanja makala ndi miyala ya chitsulo mosinthanasinthana, nachezera usiku wonse kuyang'anira moto, kenako n'kutenga chibuma chakuda chotuluka mmenemo kupita nacho kuchipala, kumene mvukuto wa chikopa cha mbuzi unkachifiiritsa kuti achisule pamwala mpaka chisanduke khasu, ameneyo ndiye lero tikumuyesa mbuli? Mbuli ndi ife amene sitingathe kusiyanitsa mwala wa chitsulo ndi mwala wamba. Nkhwangwa yakeyo ndi imene inagwetsa nkhalango zimene nkhwangwa yamwala inkalimbana nazo masiku ambiri, khasu lakelo linakulitsa minda ya mapira ndi mawere, ndipo nkhokwe zitadzaza midzi inakhazikika. Khasu linali chuma chenicheni: makasu a Aphoka a kumapiri a Rumphi ankagula katundu ngati ndalama, ena n'kulowolera akazi.

Kaya ndi sukulu imene inatipotoza maganizo, kaya ndi ulesi wathu wosafuna kufunsa akuluakulu, zimenezo ndilibe nazo ntchito. Chondiwawa n'chakuti chitsulo tinali nacho, tinkachisungunula tokha ndi kuchisula tokha, koma mdzukulu wa osulawo akuchikana masana dzuwa likuswa mtengo. M'nkhalango ya Kasungu ng'anjo zakale zidakaimabe, koma ambiri opita kumeneko amangofunsa za njovu.

Khasu ndinagulalo nalonso n'lopyapyala ngati chitini, ndipo ndikukayika ngati lifike nthawi yopalira lisanapindike.