GIMP inachedwadi, koma tiyeni tione chimene chinaichedwetsa

Kuyambira pamene GIMP 3.0 inatuluka m'mwezi wa Malichi 2025, ndakhala ndikumva anthu akuseka pulogalamu yokonzera zithunzi imeneyi, amvekere yatenga zaka pafupifupi 30 kuti ifike pamene Photoshop inadutsa kalekale. Sindikana kuti m'mawu amenewa muli zoona, koma ndikuona kuti ambiri mwa osekawo sadziwa ntchito imene inkachitika mkati mwa pulogalamuyi zaka zonsezi, ndipo munthu amene saidziwa ntchitoyo sangathe kusiyanitsa kuchedwa kumene kunali ndi chifukwa ndi kuchedwa kumene kukanapeweka.

Spencer Kimball ndi Peter Mattis anayamba kulemba GIMP mu 1995 ali ophunzira pa University of California ku Berkeley, ndipo anaitulutsa kwa anthu kumayambiriro kwa 1996 pa nambala ya 0.54. M'chaka chomwecho Larry Ewing anaigwiritsa ntchito pojambula Tux, mbalame ija imene imaimira Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, mpaka lero. Popeza pulogalamuyi poyamba inkadalira Motif, chida chopangira mawindo ndi mabatani chimene sichinali chaulere, Mattis analemba chake n'kuchitcha GTK, ndipo chida chimenechi chinakula mpaka kukhala maziko a GNOME, pulogalamu yopereka mawindo ndi maonekedwe a kompyuta pa Linux, ndi mapulogalamu ena ambirimbiri osakhudzana n'komwe ndi zithunzi. Mu 1997 chilembo G cha m'dzina la GIMP chinasiya kuimira General n'kuyamba kuimira GNU, ntchito yopanga mapulogalamu aulere, ndipo m'chaka chomwecho Kimball ndi Mattis anamaliza maphunziro n'kupita kukagwira ntchito zina. GIMP 1.0 ya mu Juni 1998 inamalizidwa ndi anthu ena ongodzipereka, ndipo kwa zaka zambiri zotsatira pulogalamuyi inkayenda ndi mphamvu za anthu otere, olemba khodi usiku ataweruka ku ntchito zawo.

Vuto lalikulu linali m'maziko. GIMP yakale inkasunga utoto uliwonse mwa itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, m'mabiti 8, kutanthauza kuti utoto uliwonse unali ndi masitepe 256 okha kuchokera pakuda kufika pakuwala. Pa chithunzi chongoona palibe vuto, koma munthu akachiwalitsa, kenako n'kuchidetsa pang'ono, kenakonso n'kusintha utoto wake, masitepe ena amatayika pa kusintha kulikonse, ndipo thambo limene linali losalala limayamba kuoneka mizeremizere. Anthu opanga mafilimu analiona msanga vutoli, moti mu 1998 anatenga khodi ya GIMP n'kupanga nthambi yawo yotha mabiti 16, imene inadzatchedwa CinePaint. Olemba GIMP anasankha njira yaitali, yomanga injini yatsopano yotchedwa GEGL, imene ntchito yake inayamba m'chaka cha 2000, inalowa pang'ono mu GIMP 2.6 mu 2008, ndipo inafika pogwira ntchito pafupifupi paliponse mu GIMP 2.10 ya mu Epulo 2018, imene inabweretsa mabiti 16 ndi 32 pa utoto uliwonse.

Zaka 18 n'zambiri, koma apa ndi pamene ndimawaikira kumbuyo. Burashi iliyonse, fyuluta iliyonse ndi njira iliyonse yosakanizira magawo osanjikizana a chithunzi, amene ojambula amawatcha ma layer, zinalembedwa poganiza kuti mabiti ndi 8, choncho zonse zinayenera kulembedwanso chimodzichimodzi pamene anthu akupitiriza kugwiritsa ntchito pulogalamuyo tsiku ndi tsiku ndi kutsegula mafayilo awo akale a XCF, mtundu wa fayilo umene GIMP imasungiramo ntchito yake. Kunali kusintha maziko a nyumba anthu akugonamo, ndipo amisiri ake anali owerengeka.

Chimene anthu asangalala nacho kwambiri mu 3.0 chinatheka chifukwa cha injini yomweyo. Kale munthu akathira fyuluta, mwachitsanzo yochititsa chithunzi kuoneka mwachimbuuzi, kusinthako kunkalowerera m'chithunzimo, ndipo akazindikira mawa lake kuti anapyola muyezo, ankayenera kuyambiranso kuchokera pa kope loyamba, ngati analisunga. Tsopano fyuluta imakhala pamwamba pa layer monga lamulo chabe, moti imatha kutsegulidwanso, kusinthidwa, kuzimitsidwa kapena kuchotsedwa ngakhale fayilo itatsekedwa n'kutsegulidwa tsiku lina. Photoshop inayamba kupereka zofanana ndi zimenezi, pa kusintha kuwala ndi utoto, mu 1996, ndipo n'chifukwa chake osekawo akuseka. Koma GIMP sikanatha kufika pamenepa popanda GEGL, imene imasunga kusintha kulikonse monga mndandanda wa masitepe otha kuwerengedwanso, m'malo mongopaka zotsatira zake pa chithunzi.

Pali kuchedwa kwina kumene sindikupezera chowiringula. Mpaka GIMP 2.8 ya mu Meyi 2012, pulogalamuyi inkatseguka m'mawindo angapo obalalika, zida kwina, ma layer kwina, chithunzi kwina, ngakhale kuti anthu anadandaula za zimenezi kwa zaka zoposa khumi, ndipo kukonza kwake sikunkafuna injini yatsopano koma kungomvera. Kusankha ma layer angapo nthawi imodzi, chinthu chimene munthu aliyense amachiyembekezera tsiku loyamba, kwafika mu 2025. Chodabwitsa china n'chakuti pulogalamu imene inabala GTK yasamukira ku GTK 3 mu 2025, pamene GTK 3 inatuluka mu 2011 ndipo GTK 4 inali itatuluka kale mu 2020. Ngakhale dzina lenilenilo, limene m'Chingerezi limafanana ndi liwu lonyozera anthu olumala, linachititsa kuti ena apange nthambi yotchedwa Glimpse mu 2019, imene sinakhalitse. Chosankha chimodzi cha 2.8 chimene ambiri anakwiya nacho, chosiyanitsa kusunga fayilo ya XCF ndi kutulutsa JPEG kapena PNG, ine ndimachiyamikira, chifukwa JPEG sisunga ma layer, ndipo ndi bwino kukhumudwa ndi batani lina lowonjezera kusiyana n'kutaya ntchito ya masiku atatu osadziwa.

Pa nkhani ya kupenta ndi kujambula pamanja, GIMP 2.10 inabweretsa maburashi a MyPaint, kuzunguza chinsalu ndiponso kujambula mbali ziwiri zofanana nthawi imodzi, ndipo zimenezi n'zokwanira kwa munthu wokonza zithunzi amene amapenta mwa apo ndi apo. Koma amene ntchito yake ndi kupenta ndimamulozera mosazengereza ku pulogalamu ina yotchedwa Krita. Krita nayo ndi yaulere, koma cha m'ma 2010 olemba ake anagwirizana zosiya kufuna kuchita chilichonse n'kulunjika pa ojambula okha, kenako kuyambira 2014 anayamba kusonkhanitsa ndalama pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti lopempherapo thandizo la ndalama kwa anthu, ndipo amaigulitsanso m'masitolo a pa intaneti monga Steam kuti alipire anthu ogwira ntchitoyi tsiku lonse. Ndikukhulupirira kuti GIMP ikanalimba mtima msanga pa nkhani yolipira olemba khodi, zaka pafupifupi 7 za pakati pa 2.10 ndi 3.0 zikanachepa.

Ndimagwiritsabe ntchito GIMP chifukwa chilolezo chake cha GPL, chimene chimalola aliyense kuigwiritsa ntchito, kuisintha ndi kuigawa, chimanditsimikizira kuti fayilo imene ndasunga lero ndidzaitsegula popanda kupempha kwa wina aliyense, pamene Adobe, kampani yopanga Photoshop, kuyambira 2013 imapereka Photoshop yatsopano kwa okhawo olipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Olemba GIMP ananena kuti tsopano azitulutsa zosintha zing'onozing'ono pafupipafupi m'malo mosonkhanitsa zonse kwa zaka, ndipo ine ndidzawayesa ndi chinthu chimodzi. GIMP 3.0 imatha kutulutsa mafayilo a CMYK, a mitundu inayi yosindikizira, ndi kuonetseratu mmene chithunzi chidzaonekere papepala, koma silola munthu kukonza chithunzi mwachindunji m'mitundu inayi imene makina osindikizira amagwiritsa ntchito. Injini ilipo tsopano, ndipo ogwira ntchito yosindikiza akadikiranso zaka khumi, sindidzathanso kunena kuti vuto ndi maziko.