Kariba itaphwa, ife nyanja inalowa m'nyumba

Ng'amba ya 2024 sinaone malire. A Hakainde Hichilema ku Zambia analengeza za ngozi ya chilala pa 29 February, a Lazarus Chakwera n'kutsatira mu March, m'maboma 23 mwa 28. Chimanga chinapserera mbali zonse ziwiri za chipata cha Mchinji. Koma pa nkhani ya magetsi tinasiyana kutalitali.

Anzathu a ku Zambia anaona zakuda. Madzi ku damu la Kariba anatsika mpaka makina opangira magetsi amodzi okha mwa asanu ndi amodzi ndi amene ankazungulira, ndipo m'madera ambiri magetsi ankathima maola 21 pa tsiku. Msuweni wanga wa ku Chipata ankagona swichi ili yoyatsa kuti babu likawala pakati pa usiku limudzutse, asite zovala, atchaje foni, athamangire kuchigayo ndi thumba pamutu.

Chaka chomwecho kwathu kuno nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Wina angadabwe: kum'mwera minda yauma, madziwo achokera kuti? Nyanja yathu imamwa kumpoto. Mvula inagwa yambiri ku Karonga, ku Nkhata Bay ndi ku Tanzania, mitsinje ya Songwe ndi Ruhuhu n'kutibweretsera. Shire sanaphwe, makina a ku Nkula ndi ku Tedzani anapitiriza kugwira ntchito.

Komatu tisadzitame, unali mwayi chabe. Ife chimatipha ndi mvula yochuluka. Namondwe wa Ana mu January 2022 anagumula damu la Kapichira, tinataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo panadutsa chaka chathunthu ndi miyezi tikuphikira pa mbaula. Ngakhale dzinja wamba, Shire amatsika ndi matope ndi zinyalala za m'mapiri amene tinawameta ndi makala, makina n'kutsamwa.

Pa magetsi a dzuwa ife sitinachedwe: ku Salima mamegawati 60 anayamba mu 2021. Koma pamene ndimawapatsa ulemu a ku Zambia ndi liwiro. Mdima utawakwapula, mu 2025 anali atatsegula kale mamegawati 100 ku Chisamba. Analinso ndi nthambo zogulira magetsi ku maiko oyandikana nawo, pomwe ife pa nthawi ya Ana nthambo yochokera ku Tete tinali tikuimvabe pa wailesi.